Mbale Yachisanu ya Likongwe

Padangokhala, ndipo amene muli nane vomerani, amene mukusinza sinzani bwino musagwere anzanu. Padangokhala Likongwe.

Masiku amenewo nyama zinali ndi masewera amene zinkawakonda kuposa kudya, masewera a mbale. Mudzi uliwonse unali ndi bwalo lake, bwalo lililonse linali ndi wapampando wake ndi mlembi wake, poti nyama nazonso zikangokhala zitatu pamodzi, imodzi imafuna mpando. Pabwalopo ankazika mizati isanu ndi inayi motalikirana, pamzati uliwonse n'kumangirirapo dengu, pamwamba pa dengu n'kulendeweza luzi loti lizigwira mbale. Mbale zake zinali zosema, za mlombwa, zopyapyala. Umaima pamzere n'kuponya. Pamene yagwera ndi pamene uponyerenso, mpaka ilowe m'dengu. Woponya kochepa ndiye wapambana. Masewera ake ndi omwewo basi, koma nyama zinkasiya ana akulira kunyumba chifukwa cha zimenezi.

Pabwalo sankadyana, limenelo ndi lamulo lakale losafuna kufotokoza. Mbale iliyonse mwini wake ankailuma pamwamba kuti pakhale dzino lake, ndipo usanaponye unkaonetsa dzinolo kwa onse. Mbale ikasowa pathengo, amene waitola ankayenera kuinyamula yekha mpaka pakhomo pa mwini wake, kaya ndi kutali bwanji, osatuma wina, osapempha kanthu. Lamulo limeneli nyama zinkalisunga kuposa maukwati awo.

Ndiye panali chinthu chimene aliyense ankachilota. Mbale ikalowa m'dengu poponya kamodzi kokha, masewera ankaima. Onse ankaimba nyimbo, ndipo aliyense wa bwalolo ankaika chidindo chake kunsi kwa mbaleyo, wina chikhadabo, wina mlomo, wina dzino. Nyimbo yake inali yaifupi. Wotsogolera ankatchula dzina la woponya n'kufunsa kumene mbale yake yagona, ena onse n'kuvomera kuti yagona m'dengu osapumira panjira, uku akuponda pansi katatu. Ena ankakalamba mpaka kufa dzina lawo lisanalowe m'nyimboyo.

Tsono Likongwe nyumba yake inali m'mphepete mwenimweni mwa bwalo la pa Mvunguti. Adabadwira pomwepo. Dengu lachisanu ndi chiwiri, lija linali kuseri kwa chulu losaoneka uli pamzere, adaluka ndi malemu bambo ake. Masewerawa iye ankawakonda ndi mtima wonse, koma masewerawo sankamukonda iye. Akaloza kum'mawa, mbale inkapita kumadzulo. Akaponya mwamphamvu, inkakwera n'kubwerera kudzagwa kumbuyo kwake. Chimene chinkamuthandiza ndi mchira. Ankaima pafupi ndi mbale yake maso ali kumwamba ngati akuyembekeza mvula, mchira uli pantchito pansipa, kukankhira mbale kudengu.

Tsiku lina a Nang'omba, wapampando wa pa Mvunguti, adamuitana pakati pa onse.

"A Likongwe, mbale yanu tidaiona ikugwera pachitsa. Pofika taipeza pansi pa dengu. Ili ndi miyendo?"

"Mphepo, a wapampando."

A Ngaka, mlembi, adatola kanthu m'mphepete mwa mbaleyo n'kukakweza m'mwamba. Kanali kaubweya ka mchira.

"Mphepo yanu ili ndi ubweya," adatero a Nang'omba. "A mlembi, aka n'kachingati?"

"Kachitatu, a wapampando."

"Ndiye mverani. Pabwalo pano simudzaponyaponso, ngakhale kupondapo, kufikira tsiku limene mudzabweretse mbale imodzi yokhala ndi zidindo za mabwalo atatu achilendo. Mabwalo atatu, kamodzikamodzi. Mukadzabwera nayo, ine ndemwe ndidzatsogolera nyimbo."

A Nang'omba eni ake, ndi zaka zonse zija, adalowetsapo kamodzi kokha, ndipo ankaifotokozabe nkhaniyo pamaliro paliponse. Aliyense adamva tanthauzo la chigamulocho, kuti Likongwe wathamangitsidwa mpaka kalekale.

Mwezi wathunthu Likongwe adakhala pakhomo pake akumva mbale za anzake zikulira m'madengu. Ankatseka chitseko, koma ankamvabe. Zidamupweteka, ndisakunamizeni, mpaka nthiti zidayamba kuwerengeka. Kenako adadzuka n'kupita kwa Gogomole, mmisiri wosema.

"Ndisemereni mbale zinayi zofanana, zoti ngakhale inu eni ake musazisiyanitse."

"Zinayi? Manja muli nawo angati?"

"Ndine woponya woipa, zimandisowa."

"Apo pokha mwanena zoona," adatero Gogomole, n'kuyamba kugogoda.

Likongwe adaziluma zonse zinayi pamalo amodzimodzi, n'kuziika m'thumba, n'kuuyamba ulendo.

Adafika ku Makande, bwalo la nkhanga.

"Odi pabwalo!"

"Odini, alendo," adayankha Mayi Nkhanga, wapampando wa kumeneko, ataima chapatali ndithu poti ankadziwa zimene Likongwe amadya kwawo. "Mwadzera mbale kapena mwadzera ife?"

"Mbale, mayi."

"Ndiye lowani, muli kwanu."

Mwambo unali wakuti mlendo ayambe wayendetsedwa bwalo lonse asanaponye, aone madengu. Mayi Nkhanga adamuyendetsa, akufotokoza dengu lililonse ngati ndi mwana wawo. Likongwe ankangovomera, koma maso ake ankafuna chinthu chimodzi, ndipo adachipeza. Dengu lachinayi linali kuseri kwa chitsamba chowirira cha minga, uli pamzere sungalione.

M'mawa mwake, masewera ali pafupi kuyamba, adagwira pamimba.

"Pepani mayi, madzi akuno ndisanawazolowere. Ndikaone kuthengo."

Adazungulira kuseri, adaika mbale imodzi m'dengu lachinayi, n'kubwerera akupukuta m'manja.

Padengu loyamba adaponya kasanu ndi kawiri. Lachiwiri, kasanu ndi kanayi. Nkhanga zidayamba kuyang'anana.

"Alendo," adatero Mayi Nkhanga mwaulemu, "mbale si mwala. Igonekeni chafufumimba, musaikweze mphuno."

"Ndikutenthetsa phewa, mayi."

Atafika pamzere wachinayi, Likongwe adaonetsa dzino lake pambale yachiwiri ija, n'kuiponya ndi mphamvu zake zonse. Idadutsa pamwamba pa chitsamba n'kuzimirira, ndipo iye yekha ndiye adadziwa kuti yakagwera m'tsekera kutali kumanzere. Onse ataponya adazungulira kuseri. Mayi Nkhanga adasuzumira m'dengu, n'kukhala kukamwa yasa.

"Dzino ili n'la yani? Ogo! La alendo!"

Bwalo lonse lidagwedezeka. Mayi Nkhanga adatsogolera nyimbo, akutchula dzina la Likongwe n'kufunsa kumene mbale yake yagona, nkhanga zonse zikuvomera ndi kuponda pansi, fumbi koboo. Likongwe anali asanamvepo dzina lake likukoma chotero. Zidakanda zidindo kunsi kwa mbale, nkhanga makumi awiri ndi zitatu, zidamudyetsa chiswe mpaka mimba kuti ndi. Padengu lachisanu adaponya kakhumi ndi kamodzi.

"Musadandaule," adatero Mayi Nkhanga. "Kulowetsa kamodzi kumatha mphamvu. Amuna anga atachita, sadaponyenso bwino mpaka imfa."

Adamukaniza kuchoka masiku atatu, ndipo tsiku lililonse Mayi Nkhanga ankamugwira mkono kumuphunzitsa kugoneka mbale. Likongwe adachita manyazi pang'ono, koma manyazi ake anali aang'ono oti n'kukwana m'thumba limodzi ndi mbale. Potsazika adawauza kuti kwawo ndi pa Mvunguti, adzacheze.

Kuchoka apo adafika ku Thanthwe, bwalo la mbira. Adamulandira, adamuyendetsa, ndipo dengu lobisika adalipeza, lachisanu ndi chimodzi, kuseri kwa mwala. Koma mbira n'zosamala. Padengu limenelo zinkaika mlonda, bambo wina wachikulire wotchedwa Tsinya Mbira, amene ntchito yake inali kukhala pansi pa mzati n'kuona mbale iliyonse kumene yagwera.

Likongwe adamuyang'ana mlondayo, adayang'ana dengu. Mlonda wamfupi, dengu lili pamwamba, sangaone za m'kati. Limenelo silinali vuto. Vuto linali maso ake.

Madzulo akuothera dzuwa, Likongwe adakhala pafupi naye.

"Bambo, kuno Chiwombankhanga mumamudziwa?"

A Tsinya Mbira adasiya kutafuna. "Chifukwa?"

"Palibe. Kungoti ndidakumana naye panjira akufunsa njira ya ku Thanthwe."

"Amaponya mbale?"

"Ndidamufunsa. Akuti iye zamasewera ayi, ndiye lamulo la pabwalo silimukhudza."

"Adatinso chiyani?"

"Adangofunsa ngati pali mbira imene imakhala yokha pamtetete. Ine ndidati sindikudziwa, ndine mlendo. Koma musade nkhawa, bambo. Paja amati mthunzi wake ukakudutsa umakhala ndi nthawi yophethira kamodzi."

M'mawa madzi a ku Thanthwe nawonso adamuvuta m'mimba, ndipo mbale ya zidindo idalowa m'dengu mlonda asanafike. Masewera adayamba, Likongwe akuponya zake zomwe zija. Wapampando wa mbira adalephera kupirira.

"Achimwene, mukuyang'ana dengu kwambiri. Yang'anani mpata umene mbale idutse. Dengu silithawa."

Pamzere wachisanu ndi chimodzi Likongwe adaonetsa dzino pambale yachitatu, n'kuikweza dala m'mwamba. Mthunzi wake udadutsa pamsana pa a Tsinya Mbira. Iwo sadadikire kuphethira, adalowa m'mng'alu wa mwala, psiti! Mbale idapitirira n'kukagwera kutsidya m'ziyangoyango. Pamene anzawo ankazungulira mwala, a Tsinya anali atatuluka, akusasa fumbi.

Wapampando adakwera pamzati n'kusuzumira. "Muli mbale! A Tsinya, mwaona ikulowa?"

A Tsinya adayang'ana anzawo onse. Zaka khumi ndi ziwiri pantchito ya ulonda, anene kuti adathawa mthunzi?

"Ndaona," adatero. "Idabwera chokhota, idagunda luzi, idazungulira kawiri, n'kukhala pansi mwaulemu."

Ngakhale Likongwe adadabwa ndi kukongola kwa kaponyedwe kake. Nyimbo idaimbidwa, dzina lake lidatchulidwa, pansi padapondedwa katatu, mbira zidaluma zidindo zawo pafupi ndi za nkhanga. Zidamusunga masiku anayi, tsiku lililonse zikumuimika pamzere kumuphunzitsa kuyang'ana mpata. A Tsinya okha ndiwo sankadya bwino masiku amenewo.

Bwalo lachitatu linali la ku Mabango, kwa akatumbu, m'mbali mwa mtsinje. Mbiri ya Likongwe inali itafika kale. Adamuchingamira panjira, adamulandira thumba, iye n'kulikoka msanga kuti n'lopepuka, anyamula yekha. Dengu lobisika linali lachitatu, kuseri kwa bango. Mlonda kunalibe. M'mawa m'mimba mudavuta monga mwa nthawi zonse, ndipo zonse zinali kuyenda bwino kufikira pamzere.

Likongwe adaonetsa dzino pambale yake yotsiriza. A Katumbu, wapampando, adatambasula dzanja.

"Alamu, musanaponye, tatembenuzani tione zidindo zija. Ana athu akuno sadazionepo zambiri chotero."

Kunsi kwa mbale imeneyo kunali mbee. Akatumbu onse anali atasendera pafupi, makosi atatalika. Likongwe adayang'ana dzanja la a Katumbu, adayang'ana kumaso kwawo, n'kupumira m'mwamba ngati wakhumudwa kwambiri.

"Kuno mumatero?"

"Kutani?"

"Kutembenuza mbale ya mlendo isanauluke. Kwathu zimenezo n'chimodzimodzi kuvundukula mphika wa apongozi. Koma poti kuno ndi kwanu, tembenuzani. Ikakana kuuluka, ndidzangowauza a ku Makande ndi a ku Thanthwe kuti mbale yawo idathera ku Mabango."

A Katumbu adabweza dzanja ngati akhudza mbaula.

"Pepani alamu, sitimadziwa. Anthu inu, tabwererani m'mbuyo! Mukufuna kutichititsa manyazi? Tidzaziona ikatuluka m'dengu."

Likongwe adaganiza kuti mbale iyi yokha isadzapezeke n'komwe, ndiye adaiponya kudutsa bango mpaka pakati pa mtsinje. Adaiwala zinthu ziwiri zimene mwana aliyense amadziwa, kuti mlombwa umayandama, ndi kuti katumbu amagona m'madzi.

Kuseri adaipeza mbale m'dengu, adaitembenuza, adaona zidindo, ena mpaka misozi. Nyimbo idaimbidwa kachitatu. Akatumbu adaika zidindo zawo pamalo amene adatsala, mbale idadzaza. Padengu lotsatira Likongwe adaponya kasanu ndi katatu, a Katumbu n'kugwedeza mutu.

"Alamu, mphatso muli nayo, koma mkono wanu ndi wa munthu wowaza nkhuni. Musaponye ndi phewa. Isiyeni ichoke yokha pamfundo ya dzanja, chonchi."

Adamuphunzitsa masiku asanu, adamudyetsa nkhanu, adamuperekeza mpaka pamphambano. Likongwe adalunjika kwawo thumba lili ndi mbale imodzi yokha, yodzaza zidindo.

Adafika pa Mvunguti m'mamawa, bwalo lili zii. Lamulo linkamuletsa kupondapo, koma mtima udakana. Adayenda chozemba mpaka kuseri kwa chulu, padengu la bambo ake. Adaligwira. Luzi lina linali litamasuka, adalimanga bwinobwino monga ankamangira bambo ake. Adalisowa dengu limenelo kuposa nyumba yake. Pochoka sadaone kuti a Ngaka, mlembi, anali chapafupi akufukula nyerere, maso ali pa iye.

Dzuwa litakwera, nyama zonse za pa Mvunguti zidasonkhana. Likongwe adayala mbale yake chagada pamaso pa a Nang'omba. A Nang'omba adaiyang'ana ndi diso lamanja, adaiyang'ana ndi lamanzere, adaipereka kwa a Ngaka kuti awerenge.

"Zikhadabo za ku Makande, mano a ku Thanthwe, zala za ku Mabango. Zonse n'zenizeni, a wapampando."

A Nang'omba adailandira mbale n'kuiika pansi. Mawu anali awo omwe, sakadawabweza. Adakonza kukhosi kuti ayambe nyimbo, ndipo Likongwe adatsinzina kuti aimve bwino.

"Odi pabwalo!"

Anali Mayi Nkhanga, atasenza kanthu pamutu. Kumbuyo kwawo a Tsinya Mbira, kumbuyo kwa a Tsinya a Katumbu, mapazi atatupa chifukwa chosazolowera kuyenda pamtunda. Adakumana panjira, aliyense akufunsa njira ya pa Mvunguti, ndiye adangoyendera limodzi.

"Odini, alendo. Kwagwanji?"

Mayi Nkhanga adagwada n'kutula katundu wawo. "Palibe choipa, a wapampando. Tabweretsa mbale ya alendo athu. Tidaitola m'tsekera, kumanzere kwa dengu lachinayi. Ndaitsuka, ndaidzoza nsatsi, yabwerera mwakale."

A Tsinya adaika yawo pafupi ndi inzake. "Iyi inali m'ziyangoyango, kutsidya kwa mwala."

A Katumbu adaika yachitatu. "Iyi idandigunda pamphumi ndikusamba. Alamu, muli bwanji? Mfundo ya dzanja ija mukuikumbukira?"

 Mbale zinayi zidandandalikana pansi, zonse dzino limodzi pamalo amodzi. Palibe amene adakuwa, palibe amene adatukwana. Alendowo sadabwere kudzasuma, adabwera kudzasunga lamulo, ndipo adakhala pansi n'kuyamba kupukuta thukuta.

A Nang'omba adawerenga mbalezo n'kutembenukira kwa a Ngaka.

"A mlembi, m'dengu mwapezeka mbale, m'thengo mwapezeka mbale, woponya waponya kamodzi. Zimenezi zachitika katatu. Lamulo likuti bwanji?"

"Lamulo silidaganizepo zimenezi, a wapampando."

"Paja ku Thanthwe kuli mlonda?"

A Tsinya adaimirira, mutu uli pansi. "Ndine, bambo. Ndidati ndidaona. Chimene ndidaona ndi m'kati mwa mng'alu. Kuyambira tsiku limenelo chakudya sichinditsika, n'chifukwa chake mbaleyi ndidaifuna ndekha masiku asanu ndi limodzi."

"Khalani pansi, mwapepuka. A Likongwe, muli ndi mawu?"

"Mphepo..." adayamba Likongwe, koma adasiyira pomwepo.

"Chabwino," adatero a Nang'omba. "Alendo ayenda mtunda wautali, sangabwerere osaona kanthu. A mlembi, sungani ya zidindoyo. A Likongwe, tengani imodzi mwa zitatuzi. Dengu la kuseri kwa chulu lija mukulidziwa. Munthu wolowetsa kamodzi m'mabwalo atatu sangavutike padengu la bambo ake. Ikalowa, mlandu watha."

Nyama zidaseka, ndipo a Nang'omba ankafuna zomwezo. Palibe amene adaganiza zokayamba wasuzumira m'dengumo. Asuzumirenji, kwa munthu woloza kum'mawa mbale n'kupita kumadzulo?

Likongwe adatola mbale yodzozedwa nsatsi ija, poti ndiyo inali pafupi. Adaima pamzere, mchira uli phee pansi wopanda chothandiza. Thumba linali lopanda kanthu, mutu wopanda bodza. Chimene chidatsala ndi zimene adamuphunzitsa eni ake aja amene adawanamiza. Adaigoneka mbale chafufumimba. Adasiya kuganiza za dengu, adayang'ana mpata wa pakati pa chulu ndi nthambi. Ndipo adaisiya ichoke yokha pamfundo ya dzanja.

Abale inu, mbale idauluka. Idapita yogona bwinobwino, idalowa pampata paja, idakhota pang'onopang'ono kuseri kwa chulu. Ndiye kudamveka kamawu kakang'ono, khwaa, ka luzi lomangidwa kumene.

Onse adazungulira chulu. A Nang'omba adasuzumira m'dengu, adatulutsa mbale, adaiyang'ana dzino. Likongwe adagwada pansi, misozi ikutuluka yokha. Moyo wake wonse ankadikira chinthu chimenechi, ndipo chidachitika padengu la bambo ake, pamaso pa anthu akwawo. Adadikira nyimbo. Itachedwa, adaiyamba yekha, adatchula dzina lake lomwe, adafunsa kumene mbale yake yagona.

Palibe adavomera. Phazi ngakhale limodzi silidaponde pansi.

"A wapampando," adatero a Ngaka, "pepani kudula nyimbo. M'mamawa uno ndawaona a Likongwe padengu lino, manja ali m'kati."

"Ndimamanga luzi!"

"Kwathu ankati m'mimba," adatero Mayi Nkhanga.

"Kwathunso," adatero a Tsinya.

"Madzi ali pafupi ndi kuti?" adafunsa a Katumbu. "Ndiyambire kumeneko."

"Koma mbale ndi imeneyo! Ndi imene ndaponya! Mayi, si inu mudaidzoza nsatsi? Taionani!"

Mayi Nkhanga adaitembenuza uku ndi uku. "Ndidaidzoza mpaka idafanana ndi yatsopano. Tsono iyi ikuoneka yatsopano. Ndinganene chiyani, alendo?"

"Ndidasemetsa zinayi zokha! Kafunseni Gogomole!"

"Wosemetsa zinayi sangalephere kusemetsa yachisanu kwina," adatero a Nang'omba.

"Nanga luzi lija? Simudalimve likulira?"

"Pamsinkhu wangawu ndimamva zambiri."

A Nang'omba adaima pachulu n'kugamula. Mbale ya mnzathu yasowa pathengo, adatero, ndipo lamulo ndi lamulo, iyenera kupezeka n'kubwezedwa kwa mwini wake. Ikapezeka, mlandu udzatha monga uyenera kuthera. Isanapezeke, mlandu uli chiimire, ndipo Likongwe saponya. Koma poti mbaleyo ndi yake, aloledwa kuponda pabwalo kuti athandize kufunafuna.

Nyama zidamwazikana m'udzu, a pa Mvunguti pamodzi ndi alendo, zikufukula ndi mtima wonse. Likongwe adatsala chiriri pafupi ndi dengu.

"Kulibe mbale kumeneko," adatero chapansipansi. "Kulibe."

Mayi Nkhanga adamusisita paphewa. "Musataye mtima, alendo. Yathu ija idagona m'tsekera masiku asanu ndi atatu tisanaitole."

Likongwe adakhala pansi n'kuganiza, paja kuganiza ndiye inali ntchito yake. Akadatha kusemetsa mbale yachisanu n'kuibisa m'udzu kuti aitole, koma akadzaitola ndiye kuti wavomera kuti kamodzi kake koona kaja kanali kabodza, ndipo adzamuchotsa mpaka kalekale. Akapanda kutero, palibe chimene chidzapezeke, ndipo sadzaponyanso. Adazungulira nkhaniyo mbali zonse, adasowa polowetsa mchira. Mbale za anzake zidayambanso kulira m'madengu. Kunyumba kunali chitseko chotseka, kuno kunali udzu wa pabwalo. Adaimirira, adasasa fumbi, n'kulowa m'udzu kukafuna nawo.

Alendo adabwerera kwawo, a pa Mvunguti adatopa n'kusiya, koma iye adakali momwemo mpaka lero. Mukadzamuona akudutsa njira mothamanga kuchoka m'udzu uwu kulowa m'udzu uwo, musamufunse chimene akufuna, akudziwa yekha kuti kulibe. Nthawi zina amaima njo ndi miyendo iwiri, makutu ali tcheru. Pamenepo ndiye kuti wamva ngati wina akuyamba nyimbo, ndipo akudikira amve dzina.

Nthano yanga yagwera pomwepa. Amene aitole aibweze kwa mwini wake.